Chipatala cha Nyama Zakutchire pa Lingadzi

Mayeso akatha, aphunzitsi a sukulu za ku Nathenje ndi ku Mitundu, monga anzawo a m'madera ena, amayamba kulingalira za kumene angapite ndi ana kuti akaone zina ndi kupumitsa mitu. Malo amene amabwera msanga m'maganizo sachuluka: bwalo la ndege la Kamuzu, Nyumba ya Malamulo, nyanja ku Salima, ndi malo osamalirako nyama zakutchire amene ali pakati penipeni pa mzinda wa Lilongwe. Omalizawa ndi apafupi ndithu, pakuti kuchokera pa Nathenje, kudzera pa Nanjiri, ndi ulendo wa ola limodzi kapena kucheperapo pa galimoto. Komabe ndiwo amene anthu ambiri sawamvetsa bwino.

Mwana amanyamuka kwawo mbandakucha ali ndi chithunzi chake m'mutu. Akuyembekeza kukaona mkango ukubangula m'khola, kukaponyera anyani nthochi, mwinanso kukajambulitsa atanyamula kamwana ka pusi paphewa. Akafika ndi kupeza kuti zimenezi kulibe, amabwerera nkhope ili yakugwa, ndipo kholo limene linagulitsa ndowa ya chimanga kuti lipeze ndalama ya ulendowo limafunsa, moyenera ndithu, kuti mwanayo wakaonako chiyani. Funso limeneli liyenera kuyankhidwa ulendo usanayambe. Yankho lake ndi lakuti malowa ndi chipatala, ndipo mabala amene amachizidwa kumeneko amapangikira kumidzi, m'minda ndi m'mbali mwa misewu imene anawo amayendamo tsiku ndi tsiku. Mphunzitsi amene wamvetsa zimenezi adzabwerako ndi phunziro loposa la m'buku. Amene sanazimvetse angachite bwino kusunga ndalama za makolo.

CHIMENE CHILI PA LINGADZI

Malowa amatchedwa Lilongwe Wildlife Centre, ndipo amayendetsedwa ndi bungwe loima palokha la Lilongwe Wildlife Trust mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Ali m'mbali mwa msewu wa Kenyatta, pakati pa tauni yakale ndi City Centre, m'nkhalango imene inasiyidwa dala m'mphepete mwa mtsinje wa Lingadzi pamene mzindawu unkamangidwa kuti ukhale likulu la dziko, udindo umene unaulandira mu 1975. Amene anaganiza zosiya mitengo imeneyo anachita mwanzeru zedi. Lero, pamene nyumba zafika mpaka kumene kunali minda ndi madambo, munthu angathe kulowa m'nkhalangoyo ndi kuiwala kuti ali mumzinda umene kalembera wa 2018 anapeza kuti unali ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi.

Kale m'nkhalango yomweyi munali timakola tating'ono momwe nyama zinkasungidwa kuti anthu aziziona, ndipo zina mwa nyama zoyamba kusamalidwa ndi bungweli zinachotsedwa m'timakola timeneto. Pofika chaka cha 2009 ntchito yatsopanoyi inali itayamba, mothandizidwa ndi bungwe la ku Britain la Born Free Foundation. M'chaka chimenecho kunafika mkango waukazi wa diso limodzi wotchedwa Bella, umene unapulumutsidwa ku malo oonetserako nyama m'dziko la Romania. Ambiri amene anali pa sukulu m'zaka zimenezo amaukumbukirabe, ngakhale unafa kale. Koma mtima wa ntchitoyi sunali pa mlendo wa ku Ulayayo. Unali, ndipo ukadali, pa nyama za dziko lomwe lino: apusi ndi anyani, agwape ndi mbawala, njuzi, afisi, anungu, akamba, akadzidzi, nsato ndi ngaka. Kawirikawiri pamakhala nyama pafupifupi 200, ndipo cholinga ndi chakuti iliyonse imene ingathe kudzidalira ibwezedwe kutchire.

MMENE NYAMA IMAFIKIRA KUMENEKO

Palibe nyama imene imadzipititsa yokha kuchipatala. Iliyonse ili ndi mbiri yake, ndipo pafupifupi m'mbiri iliyonse muli dzanja la munthu. Mbiri ya kamwana ka pusi ndiyo imabwerezedwa kwambiri. Pusi wamkazi sataya mwana wake. Amayenda naye atamatirira pamimba, ndipo amamumenyera nkhondo ndi mphamvu zake zonse. Chotero munthu akaona kamwana ka pusi kakugulitsidwa pamsewu, chingwe chili m'chiuno, adziwe kuti nthawi zambiri make anaphedwa, kaya m'munda wa chimanga, kaya ndi agalu a alenje. Wogula amati akukachitira chifundo, koma ndalama imene wapereka ndiyo imatumanso wogulitsayo kutchire kukafuna kena.

Kakafika panyumba, kamwanako kamasangalatsa kwa miyezi ingapo. Ana amakapatsa nsima, tiyi ndi zotsala za m'mbale, zakudya zimene thupi lake silinalengedwere. Kakakula mano amatalika, mtima wakutchire umadzuka, ndipo tsiku lina kamaluma mwana wa mwini nyumba. Apo chikondi chimatha. Pusiyo amamangidwa patsinde pa mango ndi chingwe kapena waya umene suumasulidwa pamene thupi likukula, mpaka umalowa m'mnofu. Nyama zambiri zotere zimafika pa Lingadzi zili ndi zilonda zozungulira chiuno, zitaonda, ndiponso zosadziwa kukhala ndi zinzake, popeza zinakula osamva kulira kwa mtundu wawo.

Kamwana ka gwape kamafika mwa njira ina. Gwape wamkazi akabereka amabisa mwana m'udzu napita kukadya, ndipo amabwera nthawi ndi nthawi kudzamuyamwitsa. Mayi wotola nkhuni kapena mnyamata woweta mbuzi akakapeza kali phee, amaganiza kuti ndi kamasiye, nakatengera kumudzi. Chifundo choterocho ndicho chimakasandutsa kamasiye kenikeni. Kadzidzi naye amafika phiko litathyoka ndi mwala wa legeni, kaamba kakuti analira padenga usiku ndipo wina anati walosera maliro. Njuzi ndi afisi zimakodwa m'makhwekhwe a waya amene anatcheredwa nyama zina, pakuti waya sasankha mwendo. Ndipo m'miyezi ya chilimwe, pamene anyamata amatentha tchire kuti akumbe mbewa, moto umapsereza akamba, ana a mbalame ndi tinyama tonse tosatha kuthamanga.

CHIFUKWA CHAKE MLENDO SAGWIRA NYAMA

Nyama ikafika imayamba yapimidwa ndi dokotala, kenaka imaikidwa payokha kwa masabata angapo, kuopa kuti ingapatsire zinzake matenda. Izi ndi zofunika kwa anthunso, chifukwa nthenda monga chiwewe ndi chifuwa chachikulu zimatha kuoloka pakati pa nyama ndi munthu, ndipo matupi a apusi ndi anyani ndi ofanana kwambiri ndi a anthu. Kamwana kamasiye kamamwetsedwa mkaka ndi botolo usana ndi usiku, koma osamalirawo safuna kuti kawazolowere. Kakalimba amakapezera pusi wamkazi wofatsa woti akalere ngati wake, ndipo amawazoloweretsa pang'onopang'ono, poyamba waya uli pakati pawo. Pambuyo pake onse awiri amalowetsedwa m'gulu lalikulu.

Gulu ndilo moyo wa pusi. M'gulumo ndimo amaphunzira kuti chipatso ichi chimadyedwa, icho ayi. Kuti kulira kwakuti kukuchenjeza za kambuku, kwakuti za chiombankhanga, kwakutinso za njoka, popeza akatswiri anapeza kuti apusi ali ndi kaliridwe kosiyana pa aliyense wa adani atatuwa. Pusi wotayidwa yekha m'tchire sakhalitsa. Nchifukwa chake ntchitoyi imatenga nthawi yaitali, kufikira gulu lonse litagwirizana. Likagwirizana limatengedwa pamodzi kupita ku malo otetezedwa monga nkhalango ya Kasungu, kumene ogwira ntchito amalitsatabe kwa miyezi kuti aone ngati likupeza chakudya ndi madzi.

Si zonse zimene zimabwerera kwawo. Nyama imene inalumala kotheratu, imene inazolowera anthu mopitirira muyeso, kapena imene inachokera ku dziko lina ndipo mtundu wake suupezeka kuno, imasungidwa pamalopo moyo wake wonse, m'mpanda waukulu wa mitengo yachilengedwe. Pusi wosamalidwa bwino angathe kukhala zaka zoposa 20, nyani kuposa pamenepo, ndipo tsiku lililonse la zaka zimenezo pamafunika chakudya, madzi ndi munthu wosesa. Kotero masewera a miyezi ingapo a banja limodzi limene linagula kanyama pamsewu amalipidwa ndi anthu ena kufikira ana a banjalo atakula ndi kukwatira.

Tsono apa ndi pamene pali yankho la mwana wodandaula uja. Nyama imene yazolowera kulandira nthochi m'dzanja la munthu, ikabwezedwa kutchire imathamangira ku mudzi woyamba umene yauona, ndipo kumeneko imakumana ndi chibonga. Kuopa munthu ndicho chishango chake, ndipo aliyense woisisita akuilanda chishangocho. Chotero nyama zimene zikukonzedwa kuti zibwerere kwawo sizionetsedwa kwa alendo, ndipo mlendo saloledwa kuzigwira kapena kuzidyetsa. Munthu waulemu akapita kuchipatala sayendayenda m'zipinda kuvundukula odwala kuti aone mabala awo. Chimene mlendo amapeza ndi nkhalango yamoyo, tinjira toyendamo pansi pa mitengo yachilengedwe, mtsinje, mbalame zamitundumitundu, nyama zina zoyenda mwaufulu, ndi aphunzitsi a zachilengedwe amene amalandira magulu a sukulu. Akale anati kuona maso a nkhono nkudekha. Kalasi loyenda mwakachetechete limaona zambiri. Laphokoso limangoona masamba.

NGAKA NDI NDENDE

Pali nyama imodzi imene achinyamata otsiriza sukulu ayenera kumvetsetsa nkhani yake, chifukwa yalowetsa ambiri m'mavuto. Ngaka ndi nyama yofatsa, yopanda mano, yovala mamba thupi lonse, imene imadya nyerere ndi chiswe ndi lilime lake lalitali. Ikaopsedwa siiluma kapena kuthawira kutali. Imangodzipinda ngati nkhata. Chitetezo chimenechi chimagonjetsa ngakhale mkango, koma kwa munthu chimangofewetsa ntchito, pakuti amangoitola ndi kuiponya m'thumba. Ngaka imabala mwana mmodzi pa nthawi, kotero ikachepa m'dera siichulukanso msanga. Kale, m'madera ambiri, munthu akaipeza ankaipereka kwa mfumu, ndipo siinali chinthu cha malonda.

Malonda anadza ndi anthu ofuna mamba ake kuti akagulitse ku maiko a ku Asia, kumene ena amakhulupirira kuti ndi mankhwala. Chikhalirecho mambawo ndi opangidwa ndi zinthu zomwezo zimene zimapanga zikhadabo ndi tsitsi la munthu. Mu 2016, maiko atakumana ku Johannesburg pa msonkhano wa pangano la CITES, analetsa malonda a ngaka pakati pa maiko. Dziko la Malawi nalo linakhwimitsa lamulo lake la nyama zakutchire la 1992, ndipo kuyambira 2017 munthu wopezeka ndi ngaka, minyanga ya njovu kapena nyanga ya chipembere angathe kulamulidwa kukhala m'ndende mpaka zaka 30. Makhoti asonyeza kuti lamuloli si loopsezera chabe: mu 2020 anthu 9 a gulu limodzi lozembetsa zinthu zotere anagamulidwa ku Lilongwe kukhala m'ndende zaka zoposa 56 zikaphatikizidwa.

Mnyamata amene walemba mayeso a Fomu 4, nakhala pakhomo chaka chimodzi kapena ziwiri osapeza ntchito, ndiye amene amalonda otere amamufuna. Amamunong'oneza pa bawo kapena pakhonde la golosale kuti kanyama kamodzi kangamugulire njinga yamoto. Iye amabwereka ndalama, nayenda mpaka kumalire a Mozambique, nabwerako ndi chikwama cholemera. Ndipo wogula amene amakumana naye pamalo opanganawo nthawi zina amakhala wapolisi wovala zovala wamba. Amene anamutuma saonekanso. Setifiketi imene makolo anaivutikira zaka 12 imatsala m'sutikesi pamene mwini wake ali ku Maula.

Ngakayo nayo imafika kuchipatala ili pafupi kufa, itakhala masiku m'thumba yopanda madzi, zikhadabo zitathyoka pofuna kutuluka. Siidya m'mbale ngati galu, kotero wosamalira amayenda nayo m'tchire maola angapo tsiku lililonse kuti izidzikumbira yokha nyerere, kufikira italemera mokwanira kubwezedwa ku malo otetezedwa. Zina zimachira, zina zimafa ngakhale madokotala atayesetsa. Pa malonda onsewa mnyamata wataya ufulu, ngaka yataya thanzi kapena moyo, munda wataya mlonda wake wa chiswe, ndipo wopindula kawirikawiri ndi munthu amene dzina lake silinatchulidwe m'khoti.

DANDAULO LA MLIMI

Nkhaniyi singakhale yachilungamo mbali ya mlimi itapanda kumveka. Munthu amene wagula feteleza pa mtengo wa masiku ano, nalima, napalira, kenaka nkupeza gulu la apusi litathyola mondokwa wa mizere khumi m'mawa umodzi, sangangouzidwa kuti akonde apusi. Mayi amene njuzi yamutengera nkhuku imene amati agulitse kuti alipirire mwana mayeso ali ndi chifukwa chokwiyira. Nkhani za nyama zikuluzikulu ndi zolemera koposa: njovu 263 zitasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu mu 2022, midzi ina yoyandikana ndi nkhalangoyo, ku Malawi ndi ku Zambia komwe, inaonongekeredwa mbewu, ndipo anthu ena anataya miyoyo. Wolankhula za kusamala nyama amene amanyalanyaza zimenezi asadabwe anthu akamutsekera makutu. Palinso amene amafunsa kuti, kodi nyani akhale bwanji ndi dokotala pamene zipatala za anthu zimasowa mankhwala?

Funso lomalizali yankho lake ndi lapafupi. Malo a pa Lingadzi amayenda ndi thandizo la anthu ndi mabungwe akufuna kwabwino, kuphatikizapo ndalama zolowera pachipata. Atatsekedwa lero, palibe botolo la mankhwala limene lingaonjezeke pa chipatala chilichonse cha kumudzi. Dandaulo la mlimi ndilo lofunika kulilingalira mofatsa. Palibe amene akumuletsa kulondera munda wake, kupirikitsa apusi, kumanga khola la nkhuku lolimba, kapena kukadandaula kwa mfumu ndi kwa ogwira ntchito a boma nyama ikavuta. Chimene chikutsutsidwa ndi kupha kopanda chifukwa, kutchera waya wosasankha, kutentha tchire, ndi kugulitsa ana a nyama. Zimenezi sizinatetezepo phesi ndi limodzi lomwe la chimanga.

Ndiponso mlimi yemweyo ali ndi antchito ambiri amene sawalipira. Kadzidzi amene amagendedwa padenga ndiye amadya makoswe amene akanaboola nkhokwe. Banja limodzi la akadzidzi limatha mbewa ndi makoswe mazanamazana pa chaka. Chakudya chachikulu cha njuzi ndi mbewa za m'dambo, nkhuku ndi ya apo ndi apo. Nsato imameza makoswe ndi ntchenzi. Fisi amachotsa zakufa zimene zikanawola ndi kufalitsa matenda. Ngakhale pusi, mbala ya m'munda ija, akadya masuku ndi nthudza amamwaza nthanga zake kutali, ndipo mitengo ina imene ana amatolamo zipatso inadzalidwa ndi iye. Mudzi umene wapha zonsezi umatsala ndi makoswe okhaokha, nuyamba kugula mankhwala ophera chimene kadzidzi ankapha ulere.

KUCHOKERA KU KAPHIRINTIWA

Ena amati kusamala nyama ndi nzeru yobwera ndi azungu. Mwana wa ku Mitundu angawayankhe pongoloza chala chakumadzulo, kumene mapiri a Dzalanyama amaonekera. Dzina lomwelo likunena zimene zinali kumeneko. M'mapiri amenewo muli Kaphirintiwa, kumene, malinga ndi chiphunzitso cha makolo a Achewa, Chauta anatsikira pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, mapazi awo nadindika pathanthwe. Onse ankakhala mwamtendere kufikira tsiku limene munthu anapeka moto natentha tchire. Galu ndi mbuzi zinathawira kwa munthu, njovu ndi mkango ndi zinzake zinathawira kutali zili ndi mkwiyo, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Makolo amene ankasimba nkhani imeneyi anaika mlandu wa udani wa munthu ndi nyama pa munthu, ndipo chida cha mlanduwo chinali moto wa tchire, womwewo umene umayatsidwa mpaka lero chifukwa cha mbewa.

Gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu onse, amatulutsa pabwalo zilombo monga Njovu, Mkango ndi Kasiyamaliro. Nthano za kalulu ndi fisi, za kamba ndi nyani, miyambi yosawerengeka, ngakhale chizindikiro cha dziko chimene chili ndi mkango, kambuku ndi nkhwazi, zonsezi zimatsamira pa nyama. Pa Nanjiri, pamene minibasi zimaima, dzinalo limakumbutsa njiri. Koma ndi ana angati a pamenepo amene anaionapo? Mwana amene sanaonepo njuzi kapena kumva kulira kwa nkhandwe amaloweza miyambi ngati mau a chinenero chachilendo. Nyama zikatha, mbali ina ya Chichewa imatha nazo.

Ndipo kutha kwake sikochedwa. Kalembera wa 1966 anapeza anthu opitirira pang'ono mamiliyoni 4 m'dziko muno. Wa 2018 anapeza oposa mamiliyoni 17 ndi theka, pa nthaka yomweyo. M'midzi yambiri ya kumwera kwa Lilongwe mitengo yachilengedwe yatsala kumanda ndi m'mapiri mokha. Ku Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe ndi madzi amene mzinda umamwa kudzera m'madamu a ku Malingunde, kuotcha makala kunafika poti mu 2015 boma linatumizako asilikali. Kubwezera zimene zatha ndi kodula zedi. Ku Majete, kumene nyama zikuluzikulu zinali zitatsala pang'ono kutheratu, ntchito yobwezeretsa inayamba mu 2003, ndipo mikango inachita kubwera pa ndege kuchokera ku South Africa mu 2012. Dziko losauka silingamaitanitse kunja nyama iliyonse imene likanatha kuisunga popanda kulipira.

NTCHITO YA MPHUNZITSI

Chotero ulendo wa ku Lingadzi uyenera kukonzedwa monga phunziro lina lililonse. Tsiku lisanafike, mphunzitsi alumikizane ndi oyang'anira malowo kuti adziwe nthawi, mtengo ndi zimene ana adzaloledwa kuona, ndipo awauze anawo zoona zake. Awatume kwa agogo awo kukafunsa nyama zimene zinkapezeka m'dambo ndi m'phiri la kwawo iwo ali ana, kumene zinkamwera madzi, ndi chaka chimene anaziona komaliza. Maina amenewo alembedwe pa bolodi m'mizere iwiri, wa zotsala ndi wa zotha. Kalasi limene lachita zimenezi limalowa pachipata lili ndi mafunso, ndipo mwana wa mafunso sabwerako chimanjamanja.

Ali kumeneko, ana asiye phokoso ndi nyimbo za m'mafoni, asataye zinyalala, asaponyere chakudya nyama iliyonse imene angakumane nayo, ndipo aliyense akhale ndi kope lake. Afunse aphunzitsi a pamalopo kuti nyama zambiri zimachokera kuti, zimafika ndi mabala otani, ndipo ndi zingati zimene zimabwezedwa kutchire. Afunsenso za ntchito, pakuti m'gawo limeneli muli madokotala a nyama, osamalira, alonda a nkhalango, operekeza alendo ndi ofufuza, ndipo ambiri mwa iwo ndi Amalawi amene anayambira m'makalasi onga awo. Mwana wa ku Mitundu, amene amaona phiri la Bunda tsiku lililonse, nkwabwino adziwe kuti pa yunivesite ya LUANAR, imene ili patsinde pa phirilo, pamaphunzitsidwa za nkhalango, za chilengedwe ndi udokotala wa nyama.

Koma muyeso weniweni wa ulendowu uli pa zimene zidzachitike anawo atabwerera. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba mu 1947 ndi dzina lina, lakhala likulimbikitsa makalabu a zachilengedwe m'sukulu kwa zaka zambiri, ndipo aphunzitsi achikulire amakumbukira magazini yake ya Nantchengwa. Sukulu imene ilibe kalabu yotere iyambitse. Chofunika chachikulu ndi mphunzitsi mmodzi wodzipereka. Ndipo mwana aliyense abwerere ndi malamulo ochepa, osavuta kusunga. Asagule nyama yakutchire, ngakhale poimvera chisoni. Akapeza kamwana ka gwape m'udzu akasiye pomwepo. Akaona nyama yovulala kapena yomangidwa panyumba, asaigwire ndi manja. Auze mphunzitsi, mfumu, apolisi kapena a nthambi ya nyama zakutchire. Akamva wina akunong'ona za ndalama za ngaka, achokepo.

M'mera mpoyamba. Mnyamata amene lero akuuzidwa kuti aike legeni pansi ndiye mawa adzakhala nyakwawa woweruza mlandu wa wotentha tchire, wapolisi wosecha katundu pamsewu, kapena kholo limene mwana adzalipempha kuti limugulire pusi. Ogwira ntchito pa Lingadzi amachiza nyama imodzi imodzi, ndipo ntchito yawo ndi yoyamikika, koma sangafike m'dambo lililonse la ku Nathenje kukachotsa waya. Amene angatero ndi ana a komweko. Kholo lija likadzafunsa madzulo kuti mwana wakaonako chiyani, mwanayo nkuyankha kuti mkango sanauone koma wamva chifukwa chake kadzidzi wa mumtengo wa kuseri kwa nkhokwe sayenera kugendedwa, ndiye kuti ndowa ya chimanga ija siinapite pachabe.